Pusi Wagula Galimoto

Akuluakulu amene anati "ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada" sanaloweko m'sitolo yogulitsa zinthu za galimoto. Komabe munthu amene ankamunenayo amapezekamo Loweruka lililonse la kumapeto kwa mwezi. Amaima pakati pa mashelefu, makiyi akulendewera pachala kuti aliyense adziwe, maso ali m'mwamba kuyang'ana mabotolo obiriwira, achikasu, ndi akuda a zilembo zagolide. Wagula galimoto masiku omwewa, ndipo akuti wangobwera kudzaigulira kasopo chabe. Dengu limene watola pakhomo likumutsutsa kale.

Mwambiwu anthu amaufulumirira. Amayesa ukunena za munthu wopusitsidwa ndi zinthu zabodza. Tamverani bwino, palibe pamene akuti pusi anathyola chipatso chowola. Ichi chinali chokomadi, icho chinali chokomadi. Chinamuvuta ndi masamu. Pusi ali ndi manja awiri ndi mapazi awiri, ndipo kuti akhalebe mumtengo, chimodzi mwa zinayizo chiyenera kugwira nthambi. Dzanja lamanja linatenga ichi, lamanzere icho, phazi linatambasukira chachitatu, ndipo phazi lotsala litaona chachinayi nkhani inakathera pansi, mimba ikuloza kumwamba. Wina anena kuti nanga mchira? Mchira wa pusi wa kuno ndi wokongoletsa ndi wothandiza podumpha basi, sugwira nthambi. Ogwira ndi mchira ndi achibale ake a ku South America, ndipo kumeneko tifikako posachedwa.

Galimoto yatsopano ya ambiri a ife inabadwa zaka 10 zapitazo ku Japan. Inatumikira munthu wina ku Nagoya kapena ku Osaka, inagulitsidwa pa okushoni, inakwera sitima n'kutsikira padoko la Dar es Salaam. Kuchokera apo mnyamata wosadziwa tulo anaithamangitsa kudutsa Morogoro ndi Iringa, kukhotera pa Uyole, mpaka pa Songwe, pomwe a MRA anaiwerengera msonkho umene mwini wake sakonda kuukamba pagulu. Inakwera Chiweta ili ndi nambala ya IT. Kaya ndi Vitz, Sienta, Freed kapena ka Mira, ikalowa pampanda amayi amaimba nthungululu, ana a aneba n'kumadziyang'anira nkhope pachitseko. Ndi yatsopano basi, wotsutsa ayende wapansi. Ogula yongotuluka kumene kufakitale alipo, koma ambiri mwa iwo ndi boma, makampani ndi mabungwe, ndipo kumeneko wotsuka ndi dalaivala, amene safunsidwa maganizo pa nkhani ya mabotolo.

Chimene pusi wathu akufuna kuteteza sadziwa n'komwe kuchepa kwake. Penti wa galimoto zamakono amakhala mosanjikiza. Pansi pali woteteza chitsulo ku dzimbiri, pamwamba pake wa mtundu, ndipo pamwamba penipeni pali wina woonekera mkati, wopanda mtundu, amene amisiri amati clear coat. Kunyezimira konse kumene kunakukopani pa chithunzi cha pa intaneti kuli pa ameneyu. Kuchindikala kwake nthawi zambiri ndi ma micron 40 kapena 50, ndipo micron imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Pepala la m'kope la mwana wanu ndi lochindikala pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Ulemu wonse umene mlonda wa pageti wayamba kukupatsani wakhala pa kachikopa kameneka, ndipo kakatha sikameranso. Magalimoto amene mumawaona m'tauni denga litasupuka, litatuwa mbuu, nawonso tsiku lina anaimbiridwa nthungululu.

Mdani wamkulu wa kachikopaka ali pamsewu wa kwanu. Fumbi lathu lili ndi timchenga ta mwala wa quartz, umene pa muyeso wa kulimba kwa miyala womwe Friedrich Mohs anakonza mu 1812 uli pa 7, pamene galasi lili cha pa 5.5. Chinthu chokanda galasi, penti angalimbane nacho? Likangokhala pagalimoto fumbilo silichita zambiri, limadikira dzanja loti liliyendetse. Dzanjalo limapezeka pa car wash ya pansi pa mtengo, litagwira tisheti yakale ya kampeni, nkhope ya phungu itabisika kale ndi matope a magalimoto ena. "Bigi, khalani apo, muiona nokha," akutero mnyamata. Ndowa ndi imodzi. Wayamba ndi matayala poti ndiwo ada kwambiri, kenako nsalu yomweyo yakwera padenga. Ikagwa pansi amaikutumula kawiri n'kupitiriza. Zotsatira zake simuziona tsiku lomwelo. Mudzaziona usiku wina pomwetsera mafuta, magetsi akawala pa boneti: timizere tozungulirazungulira tosawerengeka. Mnyamatayo ine sindimuda. Madzi amachita kukatunga kudambo, ndipo pa ndalama imene timamupatsa sitingayembekezere kuti asinthe ndowa katatu. Amene ndili naye mawu ndi bwana wakhala pabenchiyo, amene m'buti mwake muli mabotolo asanu ndi awiri koma za ndowa yachiwiri sanaganizeko.

Nthambi yoyenera kugwira ndi imeneyo, ndipo ndi yosasangalatsa, n'chifukwa chake palibe amene amaijambula n'kuika pa Facebook. Mumayamba mwathira madzi ambiri kuti mchenga utsike wokha musanakhudze penti. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya sopo, ina ya madzi okhaokha otsukuluziramo nsalu isanabwerere m'sopo. Nsalu zikhale za microfiber, zimene timaulusi take timameza mchenga m'malo moukwekweza pa penti, ndipo nsalu ya matayala ikhale ya matayala mpaka imfa. Mumayambira padenga kutsika, poti dothi lambiri lili m'munsi. Mumatsukira pamthunzi chitsulo chili chozizira, n'kupukuta madzi asanaume okha, makamaka a pamjigo amene amasiya timawanga toyera ta laimu. Sopo akhale shampu wa galimoto, wosaluma, wa pH ya cha pa 7. Wa ufa wochapira zovala ndi waukali, ndipo timibulu take tosasungunuka timakanda. Wotsukira mbale anamupangira kuchotsa mafuta m'mapoto, choncho akapeza phula lanu lodula pa boneti amagwira ntchito yake mokhulupirika.

Koma ndani anakwerapo mtengo kuti akagwire nthambi? Pusi wathu wathera bandulo yonse usiku kuonera pa YouTube azungu a ku California ndi ku England akusisita magalimoto m'magalaja oyala matailosi, momwe fumbi limachita kuodira lisanalowe. Aliyense wa iwo wanyamula botolo lake ndipo akulumbira kuti ena onsewo ndi madzi. M'mawa pusi wadzuka ali katswiri.

Chipatso choyamba ndi phula la carnauba, ndipo ichi n'chokomadi, sindikana. Limachokera ku masamba a mtengo wa banja la mgwalangwa womera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, dziko la ogwira ndi mchira aja, makamaka m'zigawo za Piauí ndi Ceará. Mtengowo umadzipaka phula pamasamba kuti usaume m'chilimwe. Anthu amadula masambawo, kuwayanika padzuwa, kuwapuntha mpaka ufa wake utayoyoka, n'kuusungunula. Pa phula lachilengedwe, ili ndi limodzi mwa olimba kwambiri: la njuchi limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, pamene ili limadikira mpaka 82 kapena kupitirirapo. Mwina munalidyapo kale osadziwa, chifukwa ndi lomwe limawalitsa maswiti ena ndi mapiritsi. Palokha ndi louma gwa moti simungalipake, ndiye opanga amalisakaniza ndi mafuta ndi zosungunulira. Chitini chikalembedwa kuti 100% carnauba, akunena za phula limene lilimo, osati zonse zimene zadzaza chitinicho. Kuwala kwake n'kozama, kofewa, makamaka pa galimoto yakuda kapena yofiira, ndipo fungo lake lokha limapangitsa bambo wamkulu kuiwala kuti sanalipire fizi. Koma silikhalitsa. Masabata angapo, zikayenda bwino miyezi iwiri kapena itatu. Galimoto yakuda yoima padzuwa la Okutobala ku Nchalo, boneti itatentha moti simungaikepo dzanja, miyezi itatuyo isaiwerengere.

Ena mwa makampani a malonda amenewa ndi achikulire kuposa misewu yathu ya tala. Meguiar's anayamba mu 1901 ndi polishi wa mipando, ndipo analowerera m'zagalimoto chifukwa magalimoto oyambirira anali ndi matupi a matabwa. Turtle Wax ndi ya Ben Hirsch wa ku Chicago, ya m'zaka za m'ma 1940, ndipo pabotolo pake anajambulapo kamba. M'nthano zathu kamba ndi uja woyenda pang'onopang'ono, wosanyamula kanthu kupatula nyumba yake, amene pamapeto amaseka othamanga. Zimandimvetsa chisoni kumuona ali m'dengu la pusi, atapanikizidwa ndi mabotolo ena asanu ndi limodzi.

Chipatso chachiwiri ndi sealant, wopangidwa kufakitale ndi mankhwala okhaokha. Alibe nthano ya ku Brazil, koma amapirira dzuwa ndi sopo kwa miyezi 4 mpaka 6. Okonda kumutchula ndi ochepa poti sadzitama. Chachitatu ndicho chalanda mitima masiku ano, ceramic. Ameneyu ndi madzimadzi okhala ndi silica, akauma amasanduka kachigamba kolimba, ndipo akapakidwa ndi mmisiri wodziwa pa penti wokonzedwa bwino amatha kukhala zaka. Pabokosi amalemba 9H ndi zilembo zikuluzikulu. Pusi akaona 9 ameneyu amakumbukira muyeso wa Mohs, n'kuyesa galimoto yake yatsala pang'ono kupezana ndi dayamondi, amene ali pa 10. Ayi ndithu. H ameneyu ndi wa pensulo, yemwe uja wa pa HB ya ku pulayimale. Poyesa amatenga mapensulo olimba mosiyanasiyana n'kumakanda, ndipo 9H akutanthauza kuti pensulo yolimba kwambiri sinasiye chizindikiro. Ndiye ngati adani a galimoto yanu ndi ana a Sitandade 2 onyamula mapensulo, gonani tulo tabwino. Mchenga, kiyi wa munthu wansanje ndi handulo ya kabaza sizinalembedwe m'panganolo. Ubwino weniweni wa ceramic ndi woti dothi silimamatira kwambiri ndipo kutsuka kumaphweka. Kutsuka komwe kuja, kwa ndowa ziwiri. Botolo lopopera la pashelefu lolembedwa ceramic ndi msuweni chabe wa ameneyu. Limathandiza, koma muziwerenga miyezi, osati zaka.

Chipatso choopsa ndi polishi weniweni, pamodzi ndi mkulu wake compound. Phula limaika kanthu pamwamba pa penti, awa amachotsa. Muli timiyala tating'onoting'ono timene timapala clear coat, ndipo timizere tija timafafanizika chifukwa penti wa m'mbali mwake watsitsidwa mpaka kufika pansi pa kamzereko. Ulendo uliwonse ma micron angapo amapita osabweranso. Mwa apo ndi apo, m'manja mwa munthu wodziwa, ndi mankhwala abwino zedi. Koma alipo abambo amene Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi amavula jekete n'kuyamba kupala, ena agula ndi makina omwe. M'mphepete mwa zitseko ndi pa misana ya boneti, pomwe penti amakhala wopyapyala kale, ndi pomwe chikondi chotere chimayambira kuonekera.

Kenako pali dongo. Inde, dongo, la m'kabokosi, lochokera kunja, kudzagulitsidwa m'dziko limene njerwa zimaumbidwa kuseri kwa nyumba iliyonse. Kunena zoona si la kudambo. Ndi utomoni wochita kupanga, unayambira ku Japan, ndipo umazula tizitsulo, tala ndi zina zomatirira pa penti zimene sopo walephera. Galimoto imene yagona padoko n'kuyenda ulendo wonse wochokera ku Dar ikhoza kulifunadi kamodzi. Kuti mudziwe, tsukani, lowetsani dzanja m'kajumbo n'kusisita boneti pang'ono. Mukamva tokhakhala, ntchito yake ilipo. Lamulo lake ndi loti likagwa pansi latha basi, poti latola mchenga. Pamenepa m'pamene ndikuonapo vuto, chifukwa Mmalawi wotaya chinthu chodula chotere pa mlandu wongogwa pansi, ine sindinakumane naye.

Tsopano taonani kugwako. Loweruka, dzuwa lili paliwombo, chifukwa m'mawa wonse unathera m'tauni kugula. Pusi wandanda mabotolo pakhonde. Wayamba ndi carnauba poti ndi lonunkhira, ndipo wapaka lochindikala poganiza kuti likachuluka liteteza kwambiri, chonsecho lomwe limatsalira pa penti ndi lochepetsetsa, lina lonselo limathera pansalu. Pachitsulo chotentha lauma nthawi yomweyo, likukana kuchoka, ndipo pa mapulasitiki akuda a m'mbali lasiya zoyera zimene akhale nazo mpaka Khirisimasi. Kuti akonze, watenga polishi, amene wachotsa phula lonse lija. Pamwamba pa mafuta a polishi wathira ceramic, amene amafuna penti wopanda kanthu kalikonse kuti agwire, choncho sanagwire. Magalasi wawapopera mankhwala okhala ndi ammonia, amene amadya tinti yomata. Dashibodi waiwalitsa mpaka ikuonekera pagalasi lakutsogolo, moti Lolemba akayendetsa atatsinzina diso limodzi.

Amayi atulukira pakhomo. "Bambo, kodi galimotoyi tidzakweramo liti, kapena munaigulira kusisita? Nsima ikuzizira."

Iye wati atsirize matayala okha. Mankhwala ambiri owalitsira matayala ali ndi silicone, chinthu choterera kwabasi, n'chifukwa chake sayenera kufika pa chiwongolero, pa mapedulo, pa mabuleki kapena pomwe tayala limapondera msewu. Pa simenti yosalala ya pakhonde sayeneranso kufika, koma mphepo sinawerenge malangizo. Bambo abwerera chambuyo masitepe awiri kuti aone bwino ntchito ya manja awo, atavala mapatapata. Zotsalazo akuluakulu ananena kale. Loweruka lotsatira, msana ukuwawabe, aitengera pa car wash paja, ndipo mnyamata uja watsukapo zonse ndi sopo wa ufa.

Funso limene limabwerabwera ndi loti kodi galimoto yatsopano imapakidwa phula nthawi yomweyo, poti ena amati dikirani penti akhwime. Kufakitale penti amaotchedwa mu uvuni pa madigiri pafupifupi 140, galimoto isanaikidwe mipando ndi mawaya, choncho imatuluka atakhwima kale. Yathuyi, imene yatha zaka ku Osaka, sitinganene kuti ikadali yanthete. Wofunika kumudikira ndi penti wothiridwa kugalaja pambuyo pa ngozi, amene opanga penti amalangiza kumusiya mwezi umodzi mpaka itatu kuti zosungunulira zithe kutuluka. Pepala la ku okushoni, ngati munapatsidwa, limathandiza pa nkhani ina yapafupi ndi imeneyi. A ndi pokandika, U ndi pobonyoka, W ndi pokonzedwa, XX ndi chitseko kapena chigawo chosinthidwa. Pamalo oterowo makina a polishi aziyenda mwaulemu, poti simukudziwa kuti amene anathira pentiyo anali wowolowa manja bwanji.

Nanga poimika? Dzuwa limafooketsa clear coat, limasulutsa mtundu, limasandutsa nyali kukhala zachikasu, ndiye aliyense amathamangira pansi pa mtengo. Koma mtengo uli ndi eni ake. Masana akhwangwala, usiku mileme itakhuta mango, ndipo mtengo womwewo umadontheza utomoni. Zitosi za mbalame zili ndi asidi, ndipo penti akatentha masana n'kuzizira usiku amasunga chithunzi cha chitosicho ngakhale mutachitsuka. Apa phula lililonse limangochedwetsa mlandu. Chothandiza ndi kabotolo ka madzi ndi kansalu kokhalira m'galimoto. Mumanyowetsa, kudikira chifewe, n'kuchinyamula osakhula, tsiku lomwelo. N'chimodzimodzi ndi ngumbi zophwanyikira pa bampala m'dzinja, ndi nkhungu za ku Nkhata Bay.

Mukandifunsa ine, pa nyengo yathu ino ndingatenge sealant mmodzi, kumupaka mopyapyala mvula isanayambe ndiponso ikangotha, n'kumayesa ndi madzi. Akamaundana timadontho n'kumagubuduka, chitetezo chilipo. Akamangoyala pa boneti, nthawi yakwana. Wokonda carnauba apake, ndi chisangalalo chake, ndipo kunja kuno kuli zisangalalo zina zowononga banja kuposa chimenechi. Wa ndalama zake apite kwa mmisiri wa ceramic, koma ayambe wamufunsa kuti penti amukonza bwanji asanathire. Chimodzi mwa zitatuzi chikwana. Ndalama yotsala agulire mnyamata wa pa car wash ndowa yachiwiri ndi nsalu zinayi, amuonjezere kangachepe ka madzi, ndipo tisheti ya phungu ija aipatse ntchito ya matayala, komwe ingathandizedi anthu a m'dera lake.

Ngakhale mutatero, msewu wa kwanu ukadali wafumbi. Mukatsuka m'mawa, pofika pa tala galimoto yatuwa kale, ndipo pa ofesi dzanja limayabwa kufuna kupukuta ndi kansalu kouma. Lekani, fumbi louma limachotsedwa ndi madzi basi. Dzanja lanu mutha kulilamulira, koma la mwana wa aneba ayi. Iyeyu akuphunzira kulemba, waona bolodi yaulere pa chitseko chakumbuyo, ndipo chala chake chikukankha quartz pa ma micron 40 anu mosamala, chilembo ndi chilembo: NDITSUKENI. Mukatsuka mawuwo achoka. Koma usiku wina pomwetsera mafuta mudzawawerenganso, ndipo mudzaona kuti S anamulemba chotembenuza.